Boaz ndi mawaya a m'chala chake

Panali munthu wina ku Madzimoyo, dzina lake Boaz, wokonza njinga. Izi zinachitika mu 1994, ndipo anandiuza ndi mlamu wake weniweni. Boaz anali munthu wachidwi, chilichonse ankafuna kuchimasula kuti aone zam'kati.

Tsiku lina akuthandiza kukweza thonje, chitseko cha lole chinamupana chala chamkombaphala cha dzanja lamanja. Kuchipatala ku Chipata atamujambula anapeza kuti fupa lathyoka ndipo lasemphana, moti pulasitala yekha sakanathandiza. Anamubaya jakisoni wochititsa dzanzi, dokotala n'kulumikiza fupalo ndi timawaya tiwiri, nsonga zake zikuonekera kunja.

Boaz anali maso nthawi yonseyo, mafunso osatha. Anafunsa chimene akuboolera fupa, anafunsanso ngati wayayo sachita dzimbiri m'thupi. Dokotala anamuyankha zonse moleza mtima, kenako anati, "Bambo, milungu inayi musakhudze mawayawa, musawanyowetse. Tidzachotsa ndife."

Patatha masiku khumi ululu unatha. Boaz anayamba kumasula bandeji kuti azisuzumira. Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali kudziwa kuti wayayo walowa kufika pati. Mkazi wake Lusiya anamupeza pakhonde atagwira pulayala.

"Abambo a Memory, a dokotala anati chiyani?"

"Ndingofuna ndione ngati akuzungulira, basi."

Waya mmodzi amene anamupana ndi pulayalayo anazunguliradi. Boaz anakoka pang'ono, waya n'kutuluka yense. Anamuyang'anitsitsa, kumuyerekeza ndi sipoko ya njinga. Atakhutira anamupukutira pa ovolosi n'kuyesa kumubwezera pabowo pomwe paja. Analowa theka lokha. Boaz anamangapo bandeji, nauza mkazi wake kuti asauze munthu.

Tsiku lachitatu dzanja linatupa, thupi kutentha. Lusiya sanamufunsenso maganizo, anamukweza galimoto yopita ku Chipata. Kumeneko anapeza kuti mafinya alowa m'fupa, ndipo fupalo lasemphananso. Anamuchita opaleshoni yachiwiri, n'kugona m'chipatala milungu itatu. Chala anachipulumutsa, koma chinauma osapindikanso.

Tsiku lotuluka, dokotala anamufunsa chifukwa chimene anachitira zimenezi. Boaz anayankha mwamanyazi kuti ankangofuna kuona kutalika kwa waya.

"Mukanadikira masiku ochepa chabe," anatero dokotala. "Mawayawa timachotsa munthu ali maso, ndi pulayala ngati yanu yomweyo. Mukanaonerera zonse, ndipo waya ndikanakupatsani mupite naye kunyumba."

Ntchito ya njinga Boaz anaisiya chaka chomwecho, chifukwa timanati tating'ono tinkangomupulumuka m'manja.

Phunziro: Kufuna kudziwa si kulakwa, koma thupi lanu si njinga yoti mumasule n'kumanganso. Funsani achipatala mafunso onse amene muli nawo, ndipo akati dikirani, dikirani. Ngati muli ndi m'bale amene amuika waya kapena chitsulo m'fupa, mutumizireni nkhaniyi asanagwire pulayala.