Makilo Seveni a ku Joni

"Sutikesi musatenge, amake Rute," anatero amuna anga, a Winston, pa foni kuchokera ku Joni. "Tikitiyo ndi ya ndege yotchipa. Amalola kachikwama kamodzi, makilo seveni basi."

Ndinayang'ana sutikesi yodzaza ili pabedi. Zaka zinayi osaponda kwathu kuno ku Zakazaka, lero akundiitana ndi zovala za masiku atatu?

"Kapena m'wadiropu mwanu mulibe malo?" ndinafunsa.

Ndinatchera khutu. Kumbuyo kwawo wina ankatsuka mbale.

Ndinadula foni n'kuyamba kuyesa madiresi, lina pamwamba pa linzake, dzuwa likuswa mtengo. Analowa asanu, ndi zitenje ziwiri m'chiuno.

A ndegewo akayeze kachikwamako, munthu samuika pasikelo. Ine ndikupita kukakhala.