Sikelo ya Lachinayi

Hajara anavula nsapato n'kuzikankhira pansi pa benchi, maso ali pa sikelo yomwe inali pakona. Patsogolo pake panatsala anthu awiri.

Linali Lachinayi loyamba la mwezi, tsiku lomwe abwana ake a ku Randburg ankamulola kuweruka masana. Kwa chaka chathunthu anali asanajombepo kukiliniki iyi ya ku Berea, ku Joni, komwe anthu onenepa kwambiri ankawayeza mitsempha mwezi ndi mwezi. Lamulo lake linali losavuta. Ukatsika kufika makilo 85, anamwino amakuwombera m'manja, n'kukufufuta m'kaundula, osabweranso. Mwezi watha Hajara anali ndi makilo 87.

Tsiku loyamba, a Sisita Mokoena, namwino wamkulu wa pamalopo, anamufotokozera nkhaniyi ndi paipi yothirira maluwa. Yatsopano imapindika, madzi n'kumayenda mofatsa. Yokhalitsa padzuwa imauma gwa, ndipo tsiku lina imang'ambika.

"Mitsempha yanu ikuuma chonchi, mama," anatero. "Thupi likachuluka, mtima umapopa molimbana. Inu muli ndi zaka 46, koma mitsempha yanu ndi ya gogo."

Hajara sanafunikire kuuzidwa kawiri. Mayi ake ku Ntaja anagwa ali pamkeka woswalira, mbali imodzi ya thupi n'kufa, ndipo anatha zaka zitatu akudyetsedwa ndi supuni. Kumeneko kunali abale osinthana kuwasamala. Nanga iye akagwa kuno ku Joni, adzamutola ndani? Chipinda chake chinali theka la balaza logawidwa ndi matabwa, ndipo munthu wa mbali inayo ankangomudziwa ndi katsokomoledwe. Kuntchito abwana ankachoka iye asanafike. Malangizo a tsikulo ankawapeza pakapepala komata pafiriji, ndipo galu wa pakhomopo sanali wokonda kucheza.

Choncho anasiya magwinya, mandasi amafuta a pa renki ya mataxi. Anasiya zakumwa zotsekemera. Ankatsika taxi patali dala, n'kumaliza ulendo wapansi, thukuta lili kamukamu. Mng'ono wake ataona chithunzi chake pafoni anayankha ndi mawu atatu: "Achemwali, kodi mukudwala?" Kwawo kunenepa ndiwo umboni woti Joni yakulandira. Ukawonda, anthu amayamba kunong'onezana matenda ako asanakufunse n'komwe.

"Hajara! Woza, mama!"

Anali a Sisita Mokoena, faelo ili m'manja, akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Lero ndiye tikukuthamangitsani pano. Taonani masaya aphwa! Kwerani, mtsikana wanga, musachedwetse chikondwerero."

Hajara anaimirira mosamala, n'kukonza diresi lake lalikulu. Anaponda sikelo ndi phazi lamanja, kenako lamanzere, n'kutsinzina. Milomo yake inkayenda ndi kapemphero kosamveka.

Manambala anavinavina, kenako anaima.

"Hawu!" A Sisita anawerama, n'kupukuta galasi la sikelo ndi chala. "87 yomwe ija? Tsikani. Kweraninso."

Anatsika, anakweranso. Sizinasinthe.

"Koma nkhope yaphwa, mikono yaphwa. Mafutawa mukuwabisa kuti, mama?"

"Mwina alowa m'mafupa, a Sisita."

Namwinoyo sanaseke. Analemba nambalayo m'faelo pang'onopang'ono, ngati yalakwira iye mwini.

"Mukudya chiyani madzulo?"

"Masamba. Nthawi zina ndi dzira."

"Mukuyendabe?"

"Tsiku lililonse."

"Musataye mtima, mwamva? Matupi ena amauma mutu. Koma ine sindikusiyani mpaka makilo awiriwa atachoka. Ndikulembani Lachinayi loyamba la mwezi wamawa. Pitani kuseri kwa katani muvale gauni, tiyeze mitsemphayo."

Hajara anagwedeza mutu, maso ali pansi. Mayi wina wa pabenchi anamuyang'ana mwachisoni, n'kumufutukira kuti adutse.

Kuseri kwa katani kunali kabedi kopapatiza ndi makina a mawaya awiri, wina wa pakhosi, wina wa pantchafu. Anakoka katani mpaka kukhoma, n'kumvetsera. A Sisita anali akusamba m'manja. Hajara anavula diresi msangamsanga, anamasula chitenje chomwe anamanga m'chiuno, n'kutulutsamo mapaketi awiri a mpunga, lililonse la makilo awiri. Anawaponya m'chikwama, anavala gauni, n'kugona chagada.

A Sisita analowa akufikisa manja kuti afunde, n'kuika zala ziwiri pakhosi pake.

"Tsopano ndiuzeni, mama wami, mwezi uno wayenda bwanji? Musadumphe kanthu."

Hajara anatsinzina. Pa zaka zisanu ndi ziwiri zomwe anakhala ku Joni, awa anali manja okhawo omwe ankamukhudza.