Belu la njinga ya a Bizeki

Pempho anaima pakati pa chiganizo, pepala la Chingerezi lili m'manja. Makolo amene anadzaza bwalo la sukulu tsiku lotsekera ankadikira kuti apitirize kuwerenga.

Bambo ake, a Bizeki, a kabaza a pa Golomoti, anali kumbuyo kwenikweni atatsamira njinga yawo. Chingerezi sankachimva, koma nkhope imeneyo ankaidziwa: mwana wakumana ndi liwu lalitali.

M'mawa uliwonse popita kusukulu, Pempho ankaphwanya mawu oterewa m'maphatikizo ali pakaliyala, iwo akuliza belu pa phatikizo lililonse. Pamene mwana wakweza mawu, iwonso ankaliza mwamphamvu. Anzawo pa siteji ankawaseka kuti amaimbira belu mbuzi zogona.

Ahedi anali atatambasula kale dzanja kuti pepalalo alipereke kwa mwana wina. Chala cha a Bizeki chinafika pa belu, koma anachibweza. Akaliza, anthu anena kuti mwanayo wauziridwa.

Apo ndi pamene anaona chala chachikulu cha Pempho chikugwedera pambali pa yunifolomu, chikuliza belu losaoneka.

"Re-spon-si-BI-li-ty," anatero mwanayo, ndipo "BI" ameneyo anamveka mpaka kumsewu wa tala. Anapitiriza kuwerenga osapunthwanso. Ahedi anabweza dzanja lawo n'kulipisa m'thumba.

"Koma abale, mwana wa ndani ameneyu?" anafunsa mayi wina pafupi ndi a Bizeki.

A Bizeki anangoliza belu, ngrii, ngrii, ngrii, mpaka bwalo lonse linacheuka.