Kachida Kamene Kanafufuta Ntchito ya Mlamu

Panali munthu wina wolemba mapulogalamu a kompyuta pa kampani ina. Anzake ankamutcha Phuma, chifukwa chilichonse ankachita ngati basi ikumusiya. Atatopa kulemba mizere yofanana tsiku ndi tsiku, anapanga kachida kake. Munthu ankangolemba mndandanda wa zomwe akufuna, ndipo nthawi iliyonse akamamanga pulogalamu, kachidako kankalemba kokha mafayilo atsopano, akale n'kuwafufuta.

Mayi wina wokhalitsa pantchitopo anamuuza kuti, "Achimwene, lembani pamwamba pa mafayilowa kuti munthu asakonzemo ndi manja. Wina adzalira."

"Mawa, mayi, mawa," anatero Phuma ali kale pakhomo.

Mwezi womwewo kampaniyo inatenga mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake, mongomuyesa kaye. Ndi mlamu yemweyu amene anamudikirira Phuma milungu itatu m'chipatala atathyoka mwendo, abale ake enieni osaoneka.

Bwana anatuma mlamuyo kuti akonze madeti omwe ankatuluka mosokonekera. Anakonza m'fayilo, zinatheka. M'mawa mwake vuto labwerera. Anakonzanso. Labwereranso.

"Alamu, kodi ndapenga ine? Dzulo ndinalemba apa ndi zala zangazi!"

Phuma atasuzumira anadziwa nthawi yomweyo kuti ndi kachida kake kamene kankafufuta zokonzazo. Koma bwana anali ataima kumbuyo kwawo, ndipo kachidako ndi komwe kanamukweza pantchito.

"Mwina simunasunge," anatero, n'kutuluka ngati akukamwa madzi. Anazungulira pakhonde kanayi konse. Ankati ndimuuza masana. Masana atakwana anati mawa.

Lachisanu kasitomala anabwera kudzaona, madeti ali chisokonekere.

"Katatu konse mwandiuza kuti mwakonza," bwana anauza mlamuyo. "Siyani makiyi patebulopo."

Mayi uja ndi amene anamupeza akulira pamasitepe n'kumufotokozera zonse.

Phuma atafika kunyumba anapeza mkazi wake ndi mlamu uja pabalaza, TV ili yozimitsa.

"Ntchito adzapeza ina," anatero mkazi wake. "Koma sabata yonse mwana wa mayi anga wakhala akukayikira mutu wake, inu mukudziwa, mukudya naye patebulo limodzi. Muuzeni pompano ndimve."

Phuma anapepesa, koma mlamuyo anangonyamula chikwama chake. Mpaka lero akakumana, mlamuyo amangoti, "Muli bwanji, bambo?" Mawu oti alamu anathera pomwepo.

Phunziro: Ukapanga chinthu chomwe chimafufuta ntchito ya anzako, achenjeze lero lomwe. Chikapweteka munthu, ulula msanga, usadikire mawa. Tumizirani ena, makamaka achibale ogwira ntchito pamodzi.