Wailesi ya Madamu Nuriya

Dzuwa la ku Al Duhail, kudziko la Aarabu, linali likuwotcha ngati mbaula, koma Rodgers, dalaivala wa Madamu Nuriya, anali chigonere pansi pa chiwongolero, akulumikiza mawaya uku akung'ung'udza nyimbo ya kwaya.

Kontirakiti yake imatha Lachinayi. Mwezi wonse mtima unali m'mwamba, poti Madamu sankanenapo kanthu. Ndiye m'mawa umenewo anamupatsa bokosi la wailesi ya setilaiti, yatsopano, kuti aiike m'galimoto. Mtima wa Rodgers unakhala pansi pompo. Ndani angagulire wailesi dalaivala amene akumuchotsa ntchito?

Umi, mtsikana wa ku Mangochi wogwira ntchito m'nyumbamo, anamubweretsera madzi ozizira.

"Achimwene, akuuzani kuti apanga renew?"

"Iwe Umi, mabwana akuno sayankhula ndi pakamwa, amayankhula ndi magift. Six years ndikuwayendetsa. Khalas, nkhani yatha, ine ndine family. Monday anakwera taxi kuti ine ndipume, sunaone?"

Tinene zoona, pakamwa pa Rodgers sipankatera ntchentche. Kuchoka pageti mpaka ku The Pearl, Madamu ankamva za mpira, za mitengo ya feteleza, ngakhale za apongozi ake a ku Ntcheu. Analinso munthu wosabisa nzeru. Lachisanu lililonse, misewu ikakhala pululu, ankawakhazika Madamu pachiwongolero n'kumawaphunzitsa kukhota ndi kubwerera chammbuyo, kenako n'kukadziguguda pachifuwa kwa anzake kuti bwana wake amamvera iye.

Anamata kaeriyo padenga, waya n'kumudutsitsa m'mphepete mwa chitseko mwaukhondo, osaoneka ngakhale pang'ono. Atayatsa, wailesi inalira bwino kwabasi. Batani loyamba anaikapo mpira, lachiwiri nyimbo za kwaya, lachitatu mpiranso. Anakankhira mpando kumbuyo, n'kutambasula miyendo ngati mwini galimoto.

Madamu anatuluka m'nyumba atanyamula envulopu. Rodgers anadzambatuka, kumwetulira mpaka m'makutu, maso ali pa envulopuyo.

"Ikugwira paliponse, Madamu, ngakhale m'chipululu!"

Madamu analowa n'kukhala pachiwongolero. Anakokera mpando kutsogolo, n'kukonza kagalasi. Kenako anapotokola wailesi ija mpaka anapeza mkulu wina akulongolola m'Chiarabu osapumira, ndipo anagwedeza mutu mokhutira.

Apo anatulutsa kakhadi m'chikwama: laisensi yoyendetsera galimoto, ya Lolemba lomwe lija.

"Ndinakhoza ulendo umodzi, mphunzitsi wanga," anatero Madamu. "Ndimangoopa kuti poyenda ndekha muno muzikhala zii, poti unandizoloweza phokoso."

Anamupatsa envulopu ija. Munali tikiti ya ndege ya ku Lilongwe, yopita yokha.