Dzanja la Wowotcha Njerwa

Mu holo munatsala munthu mmodzi yekha amene anali asanakweze dzanja, mkulu wowotcha njerwa, pa benchi yakumbuyo. Anthu khumi ndi anayi anavomereza kuti dera lonse lisiye kuwotcha njerwa ndi nkhuni kuti utsi uchepe. Khumi ndi anayi anakana.

Amene ankawerenga manjawo anali mwana wake wamkazi, mlangizi wa zachilengedwe, yemwenso analemba ndondomekoyo. Anadzaima patsogolo pake, mapepala ali m'manja.

"Achimwene, musatigulitse," mnzake wa ku uvuni anamunong'oneza. "Mwanayu munamuphunzitsa ndi njerwa zomwezi."

Mkuluyo anayang'ana pansi. Kunyumba uvuni unali utamangidwa kale, nkhuni zili pambali, kungodikira machesi.

"Bambo," anatero mtsikanayo motsitsa mawu, "mukuvomereza kapena mukukana?"

"Ndikavomereza, Lolemba ndilawirira kuti?"

Mtsikanayo anafufuza m'mapepala muja, tsamba ndi tsamba, mpaka kumapeto.

"Zimenezo sitinalembe, bambo."

Mkuluyo anasendera kuti amupatse malo.

"Khala apa ulembe. Enawa ayambe adikira."