Amene Anasankha Ana a Gulu C

Esnat Kalumbi anakhala pabenchi kunja kwa ofesi ya wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, mapepala ali pamiyendo. Makina oziziritsa ankawomba ngati mphepo ya ku Dedza mwezi wa Juni, koma iye thukuta linali kamukamu.

Panali patatha miyezi isanu ndi umodzi chiyambireni kuphunzitsa masamu pasukulu ina ku Madinat Khalifa, kudziko la Aluya, kumene kumaphunzira ana a mayiko osiyanasiyana. Mwezi wa Okutobala ana a kalasi ya teni anagawidwa m'magulu atatu. Gulu A ndi B ankakonzekera mayeso ovuta, omwe amatsegulira mwana njira ya udokotala ndi uinjiniya. Gulu C linkakonzekera mayeso ofewa, oti ngakhale mwana akhoze mafunso onse, giredi yake siingapitirire yapakati.

Esnat anapatsidwa gulu C. Sanachedwe kuona chinthu chimene aphunzitsi anzake ankachita ngati sakuchiona. Mwa ana khumi ndi asanu ndi anayi, khumi ndi asanu anali akuda kapena ochokera kumayiko olankhula Chisipanishi. Ena a ku Sudan, ena a ku Nigeria, awiri a ku America, atatu a ku Colombia. M'gulu A wakuda anali mmodzi yekha.

Amene ankamupweteka mtima kwambiri anali Yesenia, mtsikana wa ku Colombia, wakuda ngati iye mwini, wofatsa, wolankhula Chingerezi chopendekera ku Chisipanishi. Sabata yapitayo Esnat anamupatsa mwakachetechete mayeso a gulu A. Mwanayo anapeza malikisi 94 pa 100. Polandira pepala lake sanamwetulire, anangofunsa motsitsa mawu: "Madamu, kodi alipo dokotala amene anachokera m'gulu C?"

Wickson, mlonda wa ku Mulanje amene ankagwira ntchito pageti, anadutsa m'khonde atanyamula makiyi. Ataona mapepalawo anaima.

"Asisi, ndamva kuti mukufuna kukaputa mavu."

"Ndikungokafunsa, achimwene."

"Kuno si kwathu. Akakana kurinyuwa kontrakiti yanu, khalas, zathera pomwepo, mwakwera ndege. Ana anu aja ku Zomba adya mafunso?"

"Ndiye ndikhale chete ana a eni akuponderezedwa?"

"Ine ndangonena," anatero Wickson, nkumapita.

Esnat sankakayika za amene anachita zimenezi. Mndandanda wa maguluwo unatuluka mu ofesi yomweyi, ya Bambo Hallam, mzungu wa ku Mangalande. Tsiku loyamba kukumana naye, bamboyu anamufunsa ngati anabwera kudzafunsira ntchito yolera ana a ku nazale. Munthu wotere akaona khungu lakuda, mutu wake umamuuza chiyani?

Chitseko chinatseguka. Esnat analowa, nakana mpando umene anamulozera. Anayala mapepala patebulo, nayamba kulankhula. Anatchula ana mmodzimmodzi, dziko lawo ndi malikisi awo. Anamaliza ndi pepala la Yesenia, chala chili pa 94.

Bambo Hallam anavula magalasi, natikita m'maso.

"Mwana ameneyu ndi wanzeru, sindikukana. Koma mwachedwa, mayi Kalumbi. Mayina tinatumiza kale kwa okonza mayeso, tsiku losintha linadutsa. Komanso gulu A lapita patali ndi maphunziro, sangawapeze."

"Ndiye basi? Tsogolo lake lathera pomwepa?"

"Chaka chino palibe chimene ndingachite."

"Nanga chaka chamawa?"

"Chaka chamawa ndi cholemba mayesowo."

Esnat anaganiza za kontrakiti, za ana ake awiri ku Zomba, koma mawu anali atafika kale pamlomo.

"Ndiuzeni chinthu chimodzi, bwana. Posankha ana amenewa munkayang'ana chiyani? Chifukwa malikisi simunayang'ane. Munawaponya kumunsi asanalembe mayeso ndi amodzi omwe. Ine ndikudziwa chimene munayang'ana, inunso mukuchidziwa."

Bamboyo sanakwiye. Anamuyang'ana kwa kanthawi ngati akumumvera chisoni, kenako anatsegula kabati natulutsa fayilo yobiriwira.

"Ine ana ambiriwa sindikuwadziwa n'komwe. Ntchito yanga ndi kukopera zimene zalembedwa pafomu iyi."

Esnat anailanda fomuyo. Inali ya masamba atatu. Mzere uliwonse unali ndi kachithunzi ka mwana, dzina lake, ndi timabokosi titatu: wanzeru kwambiri, wapakatikati, wofunika thandizo. Anafufuza nkhope ya Yesenia. Munthu wina anachonga m'kabokosi kachitatu. Anatsika ndi chala. Mnyamata wa ku Sudan, kachitatu. Mapasa a ku Nigeria, kachitatu. Mtsikana wa tsitsi lagolide amene mpaka lero amalephera kugawa manambala, koyamba. Zochongazo zinali zothamanga, za munthu wofuna kuthana nazo apite kwawo.

Mwaukali anatembenuza tsamba lomaliza kuti aone dzina la munthu wouma mtima ameneyu.

Siginecha inali yake. Inali imodzi mwa mafomu ambirimbiri amene a kuofesi anamuunjikira kuti adzaze sabata yake yachiwiri pantchito, asanaloweze dzina la mwana ndi mmodzi yemwe. Tsiku limenelo anangoyang'ana zithunzi.